Vascular dementia: thandizo losadalira mankhwala ndi pamene limalekezera

Munthu akagwidwa ndi sitiroko n'kupulumuka, maso a achibale amakhala pa mwendo ndi pa dzanja. Akayamba kuyenda yekha, mitima imakhala pansi. Koma pakapita miyezi, mabanja ena amayamba kuona zachilendo. Bambo amene ankayendetsa golosale popanda wowathandiza tsopano akulephera kuwerengera chenji. Mayi amene aphika nsima moyo wawo wonse akungoima m'khitchini, mthiko uli m'manja, osadziwa poyambira. Kawirikawiri ichi chimakhala chiyambi cha matenda amene madokotala amawatchula kuti vascular dementia, mtundu wa matenda oiwalaiwala umene umabwera magazi akamalephera kufika bwino ku ubongo.

Mpaka lero palibe mankhwala ochiza matendawa. N'chifukwa chake mbali yaikulu ya chisamaliro imagona pa njira zosadalira mapiritsi: kadyedwe, kuyenda, kucheza m'magulu, kukonza pakhomo ndi kuphunzitsa osamalira wodwala. Njira zimenezi sizidzutsa mbali ya ubongo imene yafa, ndipo sizilowa m'malo mwa mankhwala a BP kapena a shuga. Ntchito yake ndi kuteteza zimene zatsala, kuti munthu apitirize kudzichitira zinthu kwa nthawi yotalikirapo. Zina mwa njirazi zili ndi umboni wooneka, zina umboni wake ndi wochepa, ndipo zina akatswiri anazikaniratu.

Matendawa amayamba bwanji?

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matenda oiwalaiwala a mitundu yosiyanasiyana, ndipo chaka chilichonse anthu ena pafupifupi 10 miliyoni amayamba kudwala. Oposa 60 mwa 100 alionse amakhala m'mayiko osauka ndi amene akutukuka kumene. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer's, ndipo vascular dementia ndi wachiwiri.

Ubongo ndi kachigawo kochepa ka thupi, pafupifupi magawo 2 mwa 100 a kulemera kwa munthu, koma umagwiritsa ntchito gawo limodzi mwa magawo asanu a mpweya wa okosijeni umene thupi limafuna. Ulibe nkhokwe yosungiramo mpweyawo. Magazi akasiya kufika kwa mphindi zochepa chabe, maselo amayamba kufa.

Kuwonongekaku kumabwera m'njira zitatu. Yoyamba ndi sitiroko imodzi yaikulu. Akatswiri awiri a ku Oxford, Sarah Pendlebury ndi Peter Rothwell, anaunika kafukufuku wa m'mayiko ambiri ndipo mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa 10 amayamba matenda oiwalaiwala atangodwala sitiroko koyamba, pamene mwa amene yawagwira kachiwiri amaposa mmodzi mwa atatu. Njira yachiwiri ndi timasitiroko ting'onoting'ono tambiri, tina tosaoneka n'komwe, timene timawononga pang'onopang'ono. Vutoli linapatsidwa dzina lakuti multi-infarct dementia mu 1974 ndi dokotala Vladimir Hachinski ndi anzake. Njira yachitatu ndi kuuma ndi kuphinjika kwa timitsempha ta mkati mwenimweni mwa ubongo, vuto limene Otto Binswanger wa ku Jena m'dziko la Germany analifotokoza mu 1894. Anthu ambiri okalamba amakhala ndi kuwonongeka kwa mitsempha pamodzi ndi Alzheimer's.

Gwero lalikulu ndi kuthamanga kwa magazi. Enanso ndi shuga, fodya, mafuta ochuluka m'magazi ndi kugunda kwa mtima kosalongosoka. Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza kwambiri anthu a ku Africa. M'mayiko a ku Ulaya, vascular dementia imapezeka mwa munthu mmodzi mwa odwala asanu kapena kucheperapo, koma kafukufuku wa m'boma la Hai, pafupi ndi phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, anapeza awiri mwa asanu. Ku Malawi, kafukufuku amene unduna wa zaumoyo unachita mogwirizana ndi WHO mu 2009 anaonetsa kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Ku Britain nako, anthu ochokera ku Africa ndi ku Caribbean amagwidwa sitiroko kawirikawiri, komanso adakali ndi zaka zocheperapo, poyerekeza ndi azungu.

Zizindikiro zake

Dzina lakuti matenda oiwalaiwala limasocheretsa pang'ono, chifukwa kuiwala sikumene kumayamba nthawi zonse. Wodwala vascular dementia angakumbukire mayina a zidzukulu zake zonse, koma maganizo ake amayenda mochedwa. Amavutika kusanja ntchito yokhala ndi magawo angapo, monga kuphika, kulipira bilu kapena kukonzekera ulendo. Amataya chidwi msanga. Ambiri amayenda modzandira kapena mokhwekhwereza mapazi, amagwa kawirikawiri, ndipo mkodzo umawapana mwadzidzidzi. Ena amagwidwa mphwayi yoopsa imene achibale amaiona ngati ulesi kapena mwano. Ena amalira kapena kuseka popanda chifukwa chomveka. Nthawi zambiri matendawa amatsika ngati masitepe: munthu amakhala chimodzimodzi kwa miyezi, kenako n'kutsika mwadzidzidzi sitiroko ina ikachitika.

Banja lisanayambe njira iliyonse, wodwala ayenera kuyezedwa kuchipatala. Pali matenda ena ochizika amene amaoneka ngati omwewa: kuvutika maganizo, vuto la chithokomiro, kuchepa kwa vitamini B12, chindoko, HIV, mowa, magazi oundana m'mutu munthu atagwa, ngakhalenso mankhwala ena amene akumwa. Ndipo ngati pakamwa papindika, dzanja lafooka kapena mawu asokonekera mwadzidzidzi, imeneyo ndi ngozi yofunika kuthamangira nayo kuchipatala nthawi yomweyo.

Mankhwala amafika pati?

Mankhwala odziwika a matenda oiwalaiwala, monga donepezil, rivastigmine, galantamine ndi memantine, amagwiritsidwa ntchito makamaka pa Alzheimer's. Bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a zachipatala ku England, linanena mu 2018 kuti wodwala vascular dementia apatsidwe mankhwalawa pokhapokha ngati dokotala akuganiza kuti alinso ndi Alzheimer's kapena matenda oiwalaiwala okhudzana ndi Parkinson's ndi ena ofanana nawo.

Mankhwala amene ali ndi ntchito yeniyeni ndi oteteza mitsempha: a BP, a shuga, ochepetsa mafuta m'magazi, ndi oletsa magazi kuundana kwa amene anadwalapo sitiroko. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa SPRINT MIND, wa anthu 9,361, anaonetsa mu 2019 kuti kutsitsa BP kwambiri kunachepetsa chiwerengero cha anthu amene anayamba kufooka nzeru ndi 19 mwa 100 alionse. Choncho zonse zotsatirazi ndi zowonjezera. Amene angasiye mankhwala a BP poganiza kuti kuyenda ndi masamba zakwana akudziika pa ngozi ya sitiroko ina.

Kuteteza mitsempha imene yatsala

Mchere ndiwo poyambira. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza, kuphatikiza mchere wonse wa m'zakudya. Mchere wambiri umabisala mu nsomba zouma zothira mchere, soseji, polony, biltong, tchipisi, buledi ndi timibulu tokometsera ndiwo. Soda wothira mu therere nayenso ali ndi sodium, chinthu chomwecho chimene chimakweza BP mu mchere. Kafukufuku wa m'midzi 600 ku China, wa anthu pafupifupi 21,000, anapeza mu 2021 kuti mchere wosakaniza ndi potassium unachepetsa sitiroko ndi 14 mwa 100 alionse. Komabe mchere woterewu ndi woopsa kwa amene ali ndi vuto la impso ndiponso kwa amene akumwa mitundu ina ya mankhwala a BP, motero n'kofunika kufunsa dokotala kaye.

Pa kadyedwe palibe chachilendo: masamba ambiri, nyemba, nandolo, mtedza, nsomba, zipatso ndi ufa wamgaiwa, kenako kuchepetsa zokazinga, zakumwa zotsekemera ndi nyama yamafuta. Kusiya fodya kumathandiza pa msinkhu uliwonse. Mowa umakweza BP, umawonjezera kugwa ndipo umasokoneza mutu umene wafooka kale.

Gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya The Lancet, lotsogozedwa ndi Gill Livingston wa ku University College London, linanena mu 2024 kuti pafupifupi 45 mwa 100 alionse a matenda oiwalaiwala amakhudzana ndi zinthu 14 zimene zingasinthidwe. Zina mwa izo ndi BP, shuga, fodya, kusalimbitsa thupi, kukhala wekhawekha, kusamva bwino ndi kusaona bwino. Ziwiri zomalizazi zimaiwalika kawirikawiri. Munthu amene sakumva amaoneka wosokonezeka kuposa mmene alili. Magalasi oyenera, kuchotsa ng'ala, kutsuka m'makutu kapena kachipangizo kothandizira kumva zingabwezere wodwala m'macheza a pakhomo.

Kulimbitsa thupi

Umboni wolunjika kwambiri unachokera ku Vancouver m'dziko la Canada. Mu 2016, gulu la Teresa Liu-Ambrose wa ku University of British Columbia linafalitsa zotsatira za anthu 70 amene nzeru zawo zinali zitayamba kufooka chifukwa cha timitsempha ta mu ubongo. Theka la iwo linkayenda kwa ola limodzi katatu pa sabata kwa miyezi isanu ndi umodzi. Pomaliza, oyendawo anakhoza bwino pang'ono pa mayeso a nzeru, BP yawo inatsika ndipo ankatha kuyenda mtunda wotalikirapo. Koma patapita miyezi ina isanu ndi umodzi maphunzirowo atatha, kusiyana kwa nzeru kunazimiririka. Phindu la kuyenda limakhalapo pamene munthu akuyendabe.

Kafukufuku wina wa ku England wotchedwa DAPA, wa anthu 494 amene anali atadwala kale matenda oiwalaiwala, anapereka chenjezo mu 2018. Masewera amphamvu analimbitsa matupi awo, koma sanachedwetse kufooka kwa nzeru, ndipo gulu lochita masewerawo linatsika pang'ono kuposa linzake. Ku Finland, kafukufuku wa FINGER wa anthu 1,260 a zaka 60 mpaka 77 anaonetsa mu 2015 kuti kuphatikiza kadyedwe kabwino, masewera, kuphunzitsa ubongo ndi kuyang'anira BP kwa zaka ziwiri kunateteza nzeru. Anthu amenewa anali asanadwale, anali pa chiopsezo chabe.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, zikuonetsa kuti kulimbitsa thupi kumapindulitsa kwambiri kukayambika msanga. Matenda akakula, phindu lake limakhala pa miyendo, pa mtima, pa tulo ndi pa kupewa kugwa. WHO imalangiza akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, komanso zolimbitsa minofu ndi kuima bwino. Kuyenda ndi mnzake m'mawa, kuthirira dimba, kuvina, kapena kuimirira ndi kukhala pa mpando kangapo zonse zimawerengedwa. Amene anafa ziwalo kapena ali ndi vuto la mtima ayambe ndi malangizo a dokotala wa mafizo.

Magulu otakasa ubongo

Njira imene ili ndi umboni wochuluka kuposa zonse ndi imene imatchedwa CST, kutanthauza kutakasa ubongo kudzera m'macheza a pagulu. Inakonzedwa ndi Aimee Spector, Martin Orrell, Bob Woods ndi anzawo, ndipo kafukufuku wake wa anthu 201 anafalitsidwa mu 2003. Gulu limakhala la anthu asanu mpaka asanu ndi atatu. Limakumana kawiri pa sabata kwa masabata asanu ndi awiri, maulendo 14 onse pamodzi, mphindi 45 ulendo uliwonse. Tsiku lililonse limakhala ndi mutu wake: ubwana, zakudya, nkhani za masiku ano, ndalama ndi mitengo ya zinthu, masewera a mawu ndi manambala. Mfundo yaikulu ndi yakuti anthu amafunsidwa maganizo awo, sapatsidwa mayeso. M'malo mofunsa kuti lero ndi lachingati, wotsogolera angafunse kuti ndi ndiwo ziti zimene zimakoma ndi nsima ya kondowole. Funso lotere palibe amene angalilakwe.

Zotsatira zinaonetsa kusintha pa nzeru, makamaka pa kuyankhula, ndi pa mmene odwala ankaonera moyo wawo. NICE imalangiza kuti aliyense amene matenda ake sanafike poipa apatsidwe mwayi wa magulu amenewa, posatengera mtundu wa matenda ake.

Njirayi inayesedwanso ku Africa. Akatswiri a ku Tanzania, Nigeria ndi Britain anaisintha kuti igwirizane ndi okalamba a kumidzi, amene ambiri sanapite kusukulu. Ntchito zolemba ndi kuwerenga zinalowedwa m'malo ndi zinthu zogwirika ndi zodziwika kwawoko. Ku Hai, anthu 34 anagawidwa m'magulu anayi, ndipo zotsatira za mu 2017 zinaonetsa kuti ambiri ankabwera mosajomba ndipo nzeru zawo zinasinthako. Chiwerengerocho n'chochepa, koma chinatsimikiza kuti ntchitoyi ingatheke kumudzi popanda zipangizo zodula.

Pali chenjezo limodzi pa njirayi ndi zina zotsatirazi. Kafukufuku wambiri amasakaniza odwala a mitundu yonse ya matenda oiwalaiwala, ndipo ochuluka amakhala a Alzheimer's. Wokhudza vascular dementia yokha ndi wochepa.

Kuphunziranso ntchito za tsiku ndi tsiku

Njira ina imayang'ana cholinga chimodzi chimene wodwala wasankha yekha, monga kuphika tiyi, kuimbira mwana foni kapena kumwa mankhwala pa nthawi yake. Katswiri amagawa ntchitoyo m'tizigawo ting'onoting'ono n'kumaibwereza ndi wodwalayo kunyumba kwake. Kafukufuku wa GREAT, wotsogozedwa ndi Linda Clare wa ku University of Exeter, anali wa anthu 475, kuphatikizapo a vascular dementia. Zotsatira za mu 2019 zinaonetsa kuti anthu anakhoza bwino ntchito zimene anasankhazo, ngakhale kuti nzeru zawo zonse sizinasinthe. Njirayi imagwirizana ndi matenda amene vuto lake lalikulu ndi kusanja zochita.

Mfundo zake banja lingazitsatire palokha. Wodwala auzidwe chinthu chimodzi nthawi imodzi ndipo apatsidwe nthawi yoyankha, chifukwa kuchedwa sikutanthauza kuti sanamve. Zochita za tsiku zikhale ndi ndondomeko yosasinthasintha. Zovala zisanjidwe motsatira mmene azivalira. Mankhwala aikidwe m'kabokosi ka masiku a sabata. Njira ya kuchimbudzi ikhale yowala usiku, ndipo mphasa, makapeti ndi mawaya zimene angapunthwe nazo zichotsedwe. Mbaula, chitofu ndi chitsime zimafuna maso a munthu wina.

Cholakwika chofala ndi kumulanda wodwala ntchito zonse chifukwa cha chikondi. Agogo amene angathe kusankha nyemba, kusenda mtedza, kutong'ola chimanga, kupinda zovala kapena kusewera bawo asiyidwe achite, ngakhale atachedwa. Luso limene silikugwiritsidwa ntchito limatha msanga, ndipo mphwayi imakula munthu akangokhala.

Nyimbo, zakale ndi chilankhulo

Bungwe la Cochrane, limene limaunika kafukufuku wa zachipatala, linasonkhanitsa zotsatira 22 za chithandizo cha nyimbo mu 2018. Linapeza kuti nyimbo zimachepetsa kukhumudwa ndi mavuto ena a khalidwe, koma sizisintha kwenikweni nzeru. Zimene zimagwira mtima ndi zimene munthu ankaimba ali wachinyamata: za kutchalitchi, za kumzikiti, za pamtondo, za kudansi. Ena amene mawu awathawa chifukwa cha sitiroko amathabe kuimba. Ku Britain, bungwe la Alzheimer's Society limayendetsa magulu oimba otchedwa Singing for the Brain.

Kukambirana zakale pogwiritsa ntchito zithunzi, ziwiya kapena fungo la chakudya kumathandizanso, ngakhale kuti phindu lake loyezeka ndi lochepa. Chofunika ndi kusapanikiza. Kufunsa kuti "Kodi mukundidziwa?" kumachititsa manyazi. Ndi bwino mwana kunena yekha kuti, "Amayi, ndine mwana wanu, ndabwera kudzakuonani."

Kwa amene ali kunja pali nkhani ina. Matenda akamakula, anthu ambiri amataya chilankhulo chimene anachiphunzira atakula n'kubwerera ku cha makolo awo. Munthu amene wakhala zaka 40 ku Leicester, ku Bulawayo kapena ku Johannesburg angayambe kuyankha m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka chokha, anamwino n'kumaganiza kuti wasokonekeratu. Banja lingathandize polemba mawu ofunika ndi matanthauzo ake, kufotokoza zakudya ndi mapemphero amene wodwala anazolowera, komanso kupempha womasulira pa nthawi ya mayeso a kuchipatala.

Wodwala akakwiya kapena kusakhazikika

Kukuwa, kumenya, kukana kusamba ndi kuyendayenda usiku kawirikawiri zimakhala ndi chifukwa. Wodwala amene sangathe kufotokoza angakhale akumva ululu, wadzimbidwa, ali ndi matenda a m'chikhodzodzo, ali ndi njala, kapena phokoso lamuchulukira. Malangizo a NICE amati zimenezi zifufuzidwe kaye, ndipo njira zosadalira mankhwala ziyesedwe poyamba. Kukangana ndi wodwala pofuna kumutsimikizira zoona kumangokolezera moto. Kumukhazika mtima pansi ndi kusintha nkhani kumathandiza kwambiri. Pa vuto la tulo, kuwothera dzuwa m'mawa, kuyenda masana ndi kuchepetsa tiyi ndi khofi madzulo ndiye poyambira.

Mankhwala oziziritsa monga risperidone ndi haloperidol amawonjezera chiopsezo cha sitiroko ndi imfa mwa odwala matenda oiwalaiwala. Amayenera kuperekedwa pokhapokha wodwala akamazunzika kwambiri kapena akafika poti angadzivulaze kapena kuvulaza ena, ndipo dokotala aziunikanso pasanathe masabata asanu ndi limodzi. Kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi, m'maola kapena masiku ochepa, kumasonyeza matenda ena ndipo kumafuna chipatala msanga.

Zimene akatswiri sazivomereza

Matenda osachizika amakopa amalonda. NICE inanena momveka kuti ginseng, vitamini E, mankhwala azitsamba ndi njira ya ku China yobaya tisingano, yotchedwa acupuncture, zisaperekedwe ngati chithandizo cha matenda oiwalaiwala, chifukwa palibe umboni wokwanira. Kutakasa ubongo ndi maginito kapena magetsi komanso kulowa m'zipinda za okosijeni wamphamvu zidakali pa kafukufuku. Masewera a pa foni amene amati amanola ubongo amangothandiza munthu kukhoza masewerawo.

Zina mwa zimenezi zili ndi ngozi. Masamba a ginkgo, amene amagulitsidwa kwambiri m'masitolo a ku Ulaya, America ndi South Africa, angachititse kutaya magazi kwa amene akumwa aspirin kapena warfarin. Chilichonse chimene wodwala akumwa, kaya chachokera kwa sing'anga kapena pa intaneti, dokotala ayenera kuchidziwa.

Wosamalira nayenso ndi wofunika chisamaliro

Mutu umodzi susenza denga, koma m'mabanja ambiri katunduyu amagwera munthu mmodzi, kawirikawiri mkazi wa wodwalayo kapena mwana wake wamkazi. Iye akatopa n'kudwala, chisamaliro chonse chimagwa. Ku London, maphunziro a magawo asanu ndi atatu otchedwa START anayesedwa pa osamalira 260. Ankaphunzira za matendawa, njira zothana ndi khalidwe lovuta ndi kupumitsa maganizo. Zotsatira za mu 2013 zinaonetsa kuti nkhawa ndi kukhumudwa zinachepa, ndipo phindulo linaonekabe patapita zaka zisanu ndi chimodzi. WHO nayo ili ndi maphunziro aulere a osamalira otchedwa iSupport.

Mabungwe othandiza mabanja alipo m'mayiko angapo: Alzheimer's Society ndi Dementia UK ku Britain, Alzheimer's Association ku America, Dementia SA ku South Africa ndi ZARDA ku Zimbabwe. Ku Malawi, poyambira ndi kiliniki ya BP ndi shuga ya pa chipatala cha boma. Thandizo la mafizo limapezeka m'zipatala zazikulu ndi ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, pamene la matenda a maganizo limapezeka ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Nkhani za chuma ndi zamalamulo zikonzedwe wodwala adakali wokhoza kusankha yekha. Ku England ndi Wales pali chikalata chotchedwa lasting power of attorney, chimene chimapitiriza kugwira ntchito munthu akafooka nzeru, ndipo woyendetsa galimoto amayenera kudziwitsa ofesi ya DVLA za matendawa. Ku South Africa n'kosiyana: chikalata chopatsa wina mphamvu chimatha ntchito mwiniwake akataya nzeru, ndipo banja limayenera kutsata njira zina za malamulo.

Kumudzi ndi kunja

Gogo amene wapezeka pakhomo pa eni usiku, wosavala bwino, akuyankhula zosamveka, m'madera ena amatengedwa ngati mfiti imene yagwa pa ulendo. Okalamba akhala akumenyedwa ndi kuphedwa chifukwa cha milandu yotereyi ku Malawi, Zambia, Tanzania ndi South Africa. Lamulo la ku Malawi la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, ndipo mu 2024 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Koma chitetezo choyamba chili pafupi. Banja likauziratu amfumu, atsogoleri a mpingo ndi oyandikana nawo kuti mayi kapena bambo awo akudwala matenda a ubongo, wodwala akasochera amabwezedwa kwawo mwamtendere.

Ana amene ali kunja amafunsa kuti atumize chiyani. Poona umboni umene ulipo, ndalama zimagwira ntchito yaikulu zikagula makina oyezera BP, magalasi, ndodo yoyendera ndi nyale ya sola, zikalipira ulendo wa ku kiliniki mwezi ndi mwezi, kapena zikalemba munthu wothandiza kuti wosamalira apumeko. Kuimba foni pa tsiku ndi ola lodziwika kumapindulitsa kuposa kuimba kwa nthawi yaitali kamodzikamodzi. Maganizo otenga kholo kupita nalo kunja amafuna kulingalira mofatsa, chifukwa malo achilendo, nyengo yozizira ndi kusowa anzake ocheza nawo zimawonjezera kusokonezeka. Amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain ali ndi luso limene angagawane ndi abale awo kumudzi: kadyetsedwe, kanyamulidwe ndi kayankhulidwe ndi wodwala.

Vascular dementia imafupikitsa moyo, ndipo ambiri amamwalira ndi sitiroko ina, matenda a mtima kapena chibayo. Palibe njira imene yafotokozedwa pano imene ingaimitse matendawa. Zimene njirazi zingachite ndi kutalikitsa nthawi pakati pa sitepe ina ndi inzake, kuchepetsa kugwa ndi kukhumudwa, ndi kusunga wodwala pakati pa anthu ake. Zambiri mwa izo sizifuna ndalama zochuluka. Zimafuna kuyambika msanga, kuchitika mosalekeza, ndi kuyendera limodzi ndi mankhwala a kuchipatala.